Phiri la pa Galasi

Chifunga cha Juni chatsika mu Dedza
mpaka chameza nsonga ya mlongoti wa foni.
Ndavala majuzi awiri,
ndavundukula kompyuta ya malemu Kamtema
yomwe yagona m'chitenje zaka zisanu.
Poyaka yatsokomola ngati mwini wake.

Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
uja amakonza mafoni m'kakontena pa depoti,
wabwera ndi kafulashi kolendewera ku makiyi.
Akuti, Azakhali, pulogalamu yoyendetsa makinawa inakalamba,
eni ake anaitaya kale, sakuiyang'aniranso,
ili ngati nyumba yopanda chitseko m'mbali mwa msewu.
Tiikemo yatsopano.

Nanga zam'katimo?
Akuti tiyambe tasamutsa, kenako tisese.

Koma yafunsa mawu achinsinsi.
Ndalemba dzina langa, yakana.
Tsiku la ukwati wathu, yakana.
Dzina la mwana wathu woyamba, yakananso.
Mwaukali ndalemba kuti kachewere.
Yatseguka.
Bambo iwe!
Zaka makumi atatu ndinali pamitala ndi mbatata.

Pagalasi patuluka phiri lobiriwira lija,
lopanda mtengo, lopanda mbuzi.
Iye ankati ndi ku Bembeke mvula itangogwa,
ine ndinkati ku Bembeke kulibe udzu wometa chonchi.
Sitinamalize mkangano umenewo.

Tikusamutsa katundu:
zithunzi za ubatizo zodula anthu mitu,
makalata ofunsira ntchito yomwe sanaipeze,
malipoti a kalabu ya alimi.
Kenako fayilo yotchedwa Ngongole.
Maina makumi anayi, matumba a mbewu, a feteleza,
ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse, mawu ake.
Nagama: anaferedwa, asabweze.
Chidzanja: chiwawu chinamupsereza munda, asabweze.
Lekeleni: ana asanu ndi mmodzi.
Ine ndinkalalata usiku kuti ndalama zikulowera kuti,
iye nkumangotembenukira kukhoma.

Ndaziona wamasula bokosi, wauzira.
Fumbi la zaka, mphemvu youma, njere ya dzungu.
Akuti memore yachepa, yatsopanoyo siingakwane,
watulutsa kachitsulo kobiriwira m'thumba la jekete,
wakakanikiza mpaka kalira kuti tswa.

Tsopano kamzere kayamba kuyenda,
kuyenda kwa lole yodzaza kabichi pachitunda cha Linthipe.
Khumi pa zana. Makumi atatu.
Pa makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu
magetsi phethi.

Takhala mumdima, mbaula pakati,
tikuotcha mbatata zomwe zija, akazi anzanga.
Ndaziona akuti musaope, zonse zili m'kafulashi.
Ndakagwira m'manja.
Munthu wamtali ngati uja
kukwana m'kanthu kochepa kuposa chala changa.

Abwera cha m'ma leveni. Tayambiranso pa ziro.
Mtsikana wagona pampando, pakamwa pali yasa,
ine ndalondera ndekha kamzere kaja
monga ndinalonderera botolo la madzi ku chipatala,
dontho, dontho,
koma ulendo uno chinthucho chadzuka.

Chadzuka chachilendo.
Sichikutsokomola. Kanyimbo koyambira kaja kulibe.
Phiri lobiriwira lapita,
pangotsala mtundu wa buluu, wosalala, wozizira.
Zinthu zonse zasintha malo
ngati m'khitchini mwalowa mkamwana.
Ndafufuza Ngongole mpaka ndaipeza,
maina onse alipo, asabweze aliyense alipo.

Kwacha. Chifunga chayamba kukwera,
phiri lenileni latulukira kuseri kwa mapaini,
lamiyala, lopsa mbali imodzi.
Ndaziona walijambula pafoni ali pakhonde
nkuliika pagalasi.
Lapendekeka pang'ono. Ndati lisiye choncho.

Makina afunsa dzina la mwini watsopano.
Ndalemba langa ndi chala chimodzi,
kufunafuna chilembo chilichonse ngati nsabwe.
Afunsanso mawu achinsinsi.
Ndauza mtsikana ayang'ane kumbali.

Ndalemba dzina lake loyamba,
lija sindinkalitchula pa anthu.
Akuti ndilembenso kachiwiri, kutsimikiza.
Ndalembanso.